Chifukwa chake zigawenga zimalunjika pa maulalo, njanji ndi magetsi, ndi mmene nkhaniyi ikukhudzira chigawo cha Kum'mawa cha Zambia

Mu Okutobala 1979, pamene zokambirana za ku Lancaster House zothetsa nkhondo ya ku Rhodesia (lero Zimbabwe) zinali mkati mu mzinda wa London, asilikali a Rhodesia analowa kumpoto kwa Zambia ndi kuphulitsa maulalo awiri a pa mtsinje wa Chambeshi, wina wa njanji ya TAZARA ndipo wina wa msewu umene unali pafupi nawo. Mwezi wotsatira anagwetsanso maulalo ena, kuphatikizapo wa pa Chongwe, pa msewu womwewu wa Great East umene anthu a ku Chipata, Katete ndi Petauke timadzera popita ku Lusaka. Anthu amene anafera pa maulalo amenewa anali ochepa poyerekeza ndi mazana amene anaphedwa ku misasa ya ZAPU, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chikumbi ndi ku Mkushi mu 1978, chifukwa ulendo uno cholinga chinali china. Chaka chimenecho dziko la Zambia linali ndi chimanga chochepa ndipo linkadalira choitanitsa kunja, kotero oukirawo anafuna kuti chakudya chisalowe, kopa asatuluke, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda akakamizike kuumiriza a Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, kuti avomere mgwirizano. Mgwirizanowo unasainidwa pa 21 Disembala 1979.

Amene anachita zimenezi anali asilikali a boma, osati gulu lobisala m'tchire, koma nzeru imene anagwiritsa ntchito ndi yomwe zigawenga za masiku ano zimatsata. Njanji, msewu, paipi ya mafuta ndi mawaya a magetsi ndi zinthu zazitali kwambiri moti palibe boma limene lingaike mlonda pa kilomita iliyonse. Paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola ndi yaitali makilomita 1,710, ndipo njanji ya TAZARA ndi makilomita 1,860. Woteteza ayenera kusamala utali wonsewo usana ndi usiku, pamene wowononga amangofunika malo amodzi ndi usiku umodzi. Komanso kuwononga n'kotchipa, pamene kukonza kumadya ndalama zambiri ndi miyezi yambiri, makamaka ngati chitsulo chimene chawonongekacho sichipangidwa m'dziko muno ndipo chiyenera kuitanitsidwa kunja. Pamwamba pa izi pali phindu la ndale: munthu amene wakhala masiku atatu pa mzere wa mafuta kawirikawiri amakwiyira boma limene lalephera kumuteteza kusiyana ndi mdani amene sanamuonepo, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene oukirawo amausaka.

Kuukira kwa mtundu umenewu kuli pawiri, ndipo ndi bwino kukusiyanitsa. Kwina kumafuna kupha anthu ambiri pa malo amene asonkhana, monga zinachitikira ku Madrid pa 11 Malichi 2004, pamene mabomba a m'sitima anapha anthu oposa 190, ndi ku London pa 7 Julayi 2005, pamene anthu 52 anaphedwa m'sitima za pansi pa nthaka ndi m'basi. Kwina kumafuna kuimitsa mayendedwe. Pa 26 Julayi 2024, tsiku lotsegulira masewera a Olympic ku Paris, anthu ena anatentha mawaya oyendetsera zizindikiro za njanji pa malo atatu okha. Palibe amene anafa, koma maulendo a anthu pafupifupi 800,000 anasokonekera. Nthawi zina ziwirizi zimaphatikizana. Ku Nigeria, pa 28 Malichi 2022, zigawenga zinaphulitsa njanji ya pakati pa Abuja ndi Kaduna, zinapha ena mwa okwera ndi kuba anthu oposa 60, ndipo sitima sizinayendenso pa njanjiyo mpaka Disembala chaka chomwecho. Chopweteka pa nkhani imeneyi n'chakuti anthu ambiri ankakwera sitimayo pothawa achifwamba a pa msewu wa pakati pa mizinda iwiriyi.

Kwa ife a kuno, mtundu wachiwiriwu ndi umene uyenera kutiganizitsa kwambiri, ndipo sitifunika kupita ku Ulaya kukafuna chitsanzo, popeza nkhondo ya ku Mozambique inachitikira pakhomo pathu penipeni. M'zaka za m'ma 1980 gulu la RENAMO, limene linkamenyana ndi boma la Mozambique, linagwetsa mazana a nsanja za mawaya otenga magetsi ku damu la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, kupita ku South Africa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Damulo silinagumulidwe, makina ake anali bwinobwino, koma kwa zaka zoposa khumi magetsi ake ambiri analibe kolowera, ndipo anayambanso kutumizidwa mokwanira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Njanji ya ku Beira yodzera ku Sena ndi ya ku Nacala, zimene zinkanyamula pafupifupi katundu yense wa Malawi wolowa ndi wotuluka, zinali zitatsekeka pofika 1984, ndipo dziko la Malawi linayamba kuzungulira mpaka ku Durban, ulendo wautali kangapo ndiponso wodula kwambiri. Ena mwa malole amenewo ankadutsa pa Mwami ndi mu Chipata muno, kulowera ku Lusaka. Dziko la Zimbabwe linatumiza asilikali zikwizikwi kukalondera msewu, njanji ndi paipi ya mafuta ya pakati pa Beira ndi Mutare, ndipo anakhalako mpaka nkhondo itatha ndi mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondoyo inadumphanso malire: midzi ya m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke inaukiridwa, ndipo msasa wa Ukwimi unalandira anthu zikwi zambiri othawa ku Mozambique. Akuluakulu ambiri a m'madera amenewa akukumbukirabe nyengo yogona m'tchire.

Chitsanzo chaposachedwa chimene chikufanana kwambiri ndi mmene dziko lathu lilili ndi cha ku Mali, dziko lopanda doko ngati Zambia. Mu Seputembala 2025 gulu la JNIM, logwirizana ndi al-Qaeda, linalengeza kuti likutseka njira za mafuta, ndipo linayamba kutentha matanka ochokera ku Senegal ndi ku Côte d'Ivoire. Silinafunike kulanda mzinda wa Bamako. Mafuta atasowa, magetsi anachepa, zinthu zinakwera mtengo, ndipo chakumapeto kwa Okutobala boma linatseka masukulu ndi mayunivesite kwa milungu iwiri chifukwa aphunzitsi ndi ana analibe choyendera.

Tikayang'ana mapu a chigawo cha Kum'mawa ndi maso a munthu wofuna kudziwa pamene pali pofooka, chithunzi chake n'chosavuta kumva. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu umodzi wa tala, ndipo msewu umenewo umawoloka mtsinje wa Luangwa pa ulalo umodzi, umene unatsegulidwa mu 1968 ndipo uli pafupi kwambiri ndi malire a Mozambique. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri pamalopo pakhala asilikali ndipo kujambula zithunzi kwakhala koletsedwa, ngakhale kuti apaulendo ambiri amangokumbukira nsomba zouma ndi madengu a pa msika wa kutsidya. Pa ulalo umenewo pamadutsa mafuta a galimoto, simenti, mankhwala a m'zipatala ndi fataleza wopita kwa alimi, ndipo pobwerera pamadutsa chimanga, soya, nshawa, thonje, fodya ndi mpendadzuwa. Njira zina zilipo, koma iliyonse ili ndi vuto lake. Za kumpoto zodzera ku Lundazi ndi Chama kupita ku Muchinga ndi zazitali ndipo zigawo zina zimavuta m'dzinja. Ya pa Mwami imatilowetsa m'Malawi, ya pa Chanida imatilowetsa m'chigawo cha Tete, kutanthauza kuti pa tsiku la mavuto chakudya ndi mafuta a chigawo chino zingadalire mtendere ndi chilolezo cha dziko lina.

Nthawi imene njira yatsekedwa ndi yofunika mofanana ndi malo ake. Milungu itatu yopanda malole mu Juni ndi chisokonezo cha malonda chimene anthu angachipirire. Milungu itatu yomweyo mu Novembala, mvula itayamba ndipo fataleza wokulitsa asanafike m'madepoti, ingachepetse zokolola za chaka chonse m'chigawo chimene chili m'gulu la zigawo zodyetsa dziko lino.

Magetsi nawo ali chimodzimodzi. Ambiri amene timagwiritsa ntchito amapangidwa kutali, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, ndipo amafika kuno kudzera pa mawaya akuluakulu a 330 kV ochokera ku Pensulo, kufupi ndi Serenje, odutsa m'chigwa cha Luangwa ndi pa Msoro. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, vuto limayenda ngati mmene tinaonera pa chilala cha 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika ndipo m'madera ambiri magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mapampu a madzi amaima, zigayo zimatseka, mafiriji osungira katemera ndi magazi amadalira jenereta, jeneretayo imafuna dizilo, ndipo dizilo amabwera pa msewu uja. Nsanja za mafoni zikatha mphamvu, ndalama za pafoni sizituluka, ndipo mayi wogulitsa tomato ku Kapata kapena ku Saturday Market, amene ndalama zake zambiri amasunga m'foni, amapezeka kuti sangagule katundu wa mawa. Kulumikizana kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti chinthu chimodzi chowonongedwa patali chilowe m'khitchini ya munthu aliyense.

Kodi ngozi imeneyi ndi yaikulu bwanji lero? Apa pafunika kudekha, chifukwa kuopseza anthu mopitirira n'kuthandiza zigawenga ntchito yawo. Dziko la Zambia lilibe gulu lankhondo loukira boma, ndipo chiyambire kutha kwa nkhondo za m'mayiko oyandikana nafe zochitika za mtundu umenewu zakhala zosowa. Chimene ambiri amakumbukira ndi mabomba a ku Lusaka a pa 28 Febuluwale 1999, amene anawononga paipi yaikulu ya madzi ndi zipangizo za magetsi ndiponso anaphulika ku ofesi ya kazembe wa Angola. M'kuona kwanga, ngozi yeniyeni kwa ife ili pa njira zimene katundu wathu amadzera kunja kwa malire. Mu 2016, pamene mkangano wa RENAMO ndi boma unabukanso, malole a pa msewu wa pakati pa Chimoio ndi Tete ankayenda m'magulu operekezedwa ndi asilikali, ena anatenthedwa, ndipo sitima za malasha pa njanji ya Sena zinawomberedwa. Kumpoto, m'chigawo cha Cabo Delgado, zigawenga zogwirizana ndi Islamic State zinayamba kuukira mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, zinalanda doko la tauniyo mu Ogasiti 2020, ndipo zitaukira Palma mu Malichi 2021 kampani ya Total inaimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi. Asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu Julayi 2021 n'kuzibweza m'madera ambiri, koma sizinathe. Cabo Delgado ndi kutali ndi Chipata, komabe mu Seputembala 2022 zigawengazo zinawotcha mishoni ya Chipene m'boma la Memba, m'chigawo cha Nampula, kumpoto pang'ono kwa doko la Nacala, limene ndi doko lomwe njanji ya Chipata–Mchinji inamangidwira kuti itifikitseko.

Pali mtundu wina wa kuwononga umene sufuna bomba kapena mfuti. Mu Disembala 2015 akatswiri a kompyuta analowa m'makina oyendetsera magetsi ku Ukraine n'kuzimitsira anthu oposa 200,000. Mu Julayi 2021 makompyuta a Transnet, kampani yoyendetsa madoko ndi njanji ku South Africa, anaukiridwa, ndipo ntchito ya makontena pa doko la Durban inasokonekera kwa masiku angapo. Chipata cha pa malire cha Mwami ndi Mchinji, chimene chinatsegulidwa mu Disembala 2022 monga malo amodzi ochitirapo zonse za mayiko awiri, chimadalira makompyuta ndi intaneti pokhometsa msonkho ndi polola katundu kudutsa, kotero makina amenewo akafa malole amaima pa mzere ngati kuti msewu wadulidwa.

Komabe, zipangizo zambiri zimene zimawonongeka m'chigawo chino siziwonongedwa ndi zigawenga. Zimawonongedwa ndi akuba: otsanula mafuta m'mathiransifoma a ZESCO, odula mawaya a kopa, omasula zitsulo za nsanja za magetsi, zotchingira m'mbali mwa msewu, zikwangwani ndi zomangira njanji, n'kukazigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Munthu wotere alibe cholinga cha ndale kapena cha chipembedzo, akungofuna ndalama, ndipo kumutcha chigawenga n'kusokoneza nkhani. Malamulo a dziko lino amasiyanitsa zinthu zimenezi: pali lamulo lolimbana ndi uchigawenga la 2018, limene linalowa m'malo mwa la 2007, pali lamulo lakale la chitetezo cha dziko lokhudza ukazitape ndi kuwononga mwadala zinthu zofunika pa chitetezo, ndiponso pali zilango za m'malamulo a milandu wamba kwa owononga katundu wa boma. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa m'mayiko ambiri, magetsi akazima kapena msika ukapsa, andale amathamangira kuloza chala adani awo kafukufuku asanayambe, ndipo lamulo loopsa likagwiritsidwa ntchito pa mikangano ya zipani anthu amasiya kulikhulupirira pa tsiku limene likufunikadi.

Ngakhale zili choncho, kuba kumeneku kumatiuza zambiri za chitetezo chathu. Ngati anyamata awiri angathe kukhala maola angapo pa nsanja ya magetsi akumasula zitsulo popanda wowaona, ndipo ngati zitsulozo zingakwezedwe pa lole n'kudutsa pa zotchinga za apolisi mpaka kwa wogula amene safunsa kumene zachokera, ndiye kuti mpata womwewo ndi wotseguka kwa munthu wa cholinga choipa kwambiri. Dziko limene limagwira akuba a mathiransifoma mwachangu, limene limalemba ndi kuyendera ogula zitsulo zakutha, ndiponso limene limasunga bwino mabomba ophwanyira miyala a m'migodi ndi m'makwale, limakhala litatseka kale zitseko zambiri zimene zigawenga zikanadzera.

Asilikali a pa ulalo ndi ofunika, koma mbiri ya dera lino ikusonyeza kuti kulondera kokha sikukwanira, ndipo kumadya chuma chambiri, monga dziko la Zimbabwe linaonera pa njira ya ku Beira. Chimene chinapulumutsa Zambia m'zaka zovuta chinali kukhala ndi njira ina. Azungu a ku Rhodesia atalengeza ufulu wawo mu Novembala 1965, boma la Kaunda linamanga paipi ya TAZAMA, imene inatha mu 1968, kenako njanji ya TAZARA mothandizidwa ndi China pakati pa 1970 ndi 1975, kotero kuti pamene malire a Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973 ndiponso njanji ya Benguela inafa ndi nkhondo ya ku Angola mu 1975, dziko linavutika koma silinagwe. Pamene mayiko a kumwera kwa Africa anakhazikitsa bungwe lawo la mgwirizano la SADCC, limene pambuyo pake linakhala SADC, ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, nkhani ya mayendedwe ndiyo anaiika patsogolo pa chifukwa chomwechi. Aliyense amene anakumbako mbewa amadziwa kuti una wake sukhala ndi khomo limodzi. Chinthu chimene chili ndi cholowa m'malo mwake sichikopanso wowononga, popeza kuchiphulitsa sikuimitsa dziko.

Apa ndi pamene nkhani zimene timaziona ngati za chitukuko chabe zimakhalanso nkhani za chitetezo. Njanji ya Chipata–Mchinji inatsegulidwa mu 2010 patapita zaka zambiri ikumangidwa, koma sitima zakhala zikuyendapo mwa apo ndi apo. Njanji yolumikiza Chipata ndi TAZARA kudzera ku Petauke mpaka ku Serenje yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Misewu ya kumpoto yopita ku Muchinga, itakonzedwa kuti lole yodzaza izidutsa chaka chonse, ingachotse pa ulalo wa Luangwa mtolo wokhala khomo lokhalo la chigawo. Magetsi a dzuwa pa zipatala, pa mapampu a madzi ndi pa nsanja za mafoni amachepetsa kudalira waya mmodzi wochokera kutali. Palinso zinthu zosaoneka zimene sizipatsa wandale mwayi wodula riboni: mathiransifoma osungidwa podikira ngozi, zitsulo za maulalo ongoyembekezera zimene asilikali ndi a Zambia National Service angamange m'masiku ochepa, ndi mapangano olembedwa kale ndi Malawi ndi Mozambique onena za mmene katundu wa chigawo chino angadutsire m'mayiko awo njira ya ku Lusaka itatsekeka. Zonsezi zimagwiranso ntchito pamene wowononga ndi madzi osefukira, zimene kuno zimachitika kawirikawiri kuposa bomba.

Mbali ya anthu wamba ndi yovutirapo kuikamba. Malire athu ndi Malawi ndi Mozambique amadutsa pakati pa mabanja, minda ndi manda. Achewa a mayiko atatu amakumana ku Mkaika chaka ndi chaka pa Kulamba pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndipo njira zachidule zimene anthu amadzera popita ku maliro kapena ku chigayo n'zosawerengeka. Palibe mpanda umene ungatseke malire otere. Amene amadziwa mlendo amene wafika m'mudzi ndi nyakwawa, ndipo amene amaona galimoto yoima usiku pansi pa nsanja ya magetsi ndi mlimi wa munda wapafupi. Anthu amenewa amauza apolisi pokhapokha ngati akukhulupirira kuti wonena sadzasanduka woimbidwa mlandu, ndiponso ngati nawonso akupindula ndi zinthu zimene akupemphedwa kuteteza. Mudzi umene mawaya akuluakulu amadutsa pamwamba pake koma wokha ukugona mumdima sukhala ndi chifukwa chachikulu cholondera nsanja. Ku Cabo Delgado, ofufuza ambiri amagwirizana kuti zigawenga zinapeza anyamata mosavuta pakati pa anthu amene ankaona chuma cha gasi ndi miyala ya mtengo wapatali chikutuluka m'dera lawo iwo ali paulova. Ndiponso kukhala tcheru sikutanthauza kukayikira munthu chifukwa cha chipembedzo chake kapena dziko lake: Asilamu akhala mu Chipata kwa mibadwo ingapo ndipo ndi mbali ya malonda ndi moyo wa mzinda uno, ndipo ku Cabo Delgado komweko ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa m'midzi yawo ndi Asilamu.

Funso lovuta kwambiri ndi la ndalama. Boma linamanga depoti yosungira mafuta ku Chipata, ndipo imeneyi ndi sitepe yoyenera, koma matanki amathandiza pa tsiku la ngozi ngati muli mafuta okwanira masiku ambiri, ndipo mafuta ongokhala m'thanki ndi ndalama zogona zimene kampani yogulitsa siifuna kuzisenza yokha. Chimodzimodzi chimanga cha FRA, bungwe la boma losunga chakudya: chikasungidwa m'madepoti a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi chimateteza chigawo, koma chikasamutsidwira chonse kutsidya kwa Luangwa chimadaliranso ulalo womwe uja kuti chibwerere. Mtengo wa kusunga zinthu zimenezi umathera pa wogula mafuta kapena pa wokhoma msonkho, ndipo aphungu ndi makhansala a chigawo chino ali ndi ufulu wofunsa, pokambirana bajeti, kuti m'matanki a Chipata muli mafuta a masiku angati ndiponso ndani akulipira kuti asatsike kupitirira pamenepo.